ZA PAKHOMO: Nsaru Yoyera Isankhidwe ndi Manja, Osati ndi Maso Okha

Mbatata ya kachewere yakumbidwa, nyemba zalowa m'nyumba, ndipo ambiri a inu muli ndi kandalama m'thumba. Koma mphepo yayamba kutembenuka. Inu a ku Tsangano, ku Lizulu, ku Mlangeni ndi ku Biriwiri simusowa munthu wokuuzani za mwezi wa Juni ndi wa Julayi, pamene chisanu chigwa pa udzu usiku ndipo ana agona atapinda miyendo pamphasa. Mwana wosafunda bwino sapeza tulo, ndipo m'mawa apita ku sukulu ali wofooka. Makanda ndi nkhalamba ndiwo abvutika koposa.

Gombeza labwino la m'sitoro liri ndi mtengo wake, ndipo banja la ana asanu silingagule magombeza asanu tsiku limodzi. Chifukwa chake amai ena asoka okha chofunda cha zigamba. Chofunda chotere chiri ndi nsaru zitatu zosanjikiza. Pamwamba pali zigamba zolumikiza, za zitenje zakale ndi zidutswa zotsala kwa atelala. Pakati pali gombeza lakutha kapena thonje. Kunsi, kumene kukhudza thupi, kuli nsaru imodzi yaikuru, ndipo kawirikawiri ikhala yoyera. Zitatuzi zisokedwa pamodzi kuti zisasiyane. Zigamba mupeza kwaulere, gombeza lakale muli nalo kale. Chinthu chimodzi chokha chimene mutulutsira ndalama ndicho nsaru yoyera. Lero tikambirana za kusankha nsaru imeneyi.

ZIMENE NDINAONA KU TSANGANO

Masabata apitawo ndinacheza kwa mai wina kufupi ndi Tsangano. Ananditulutsira chofunda chimene anasokera mwana wake wamkazi wopita ku sukulu yogonera komweko. Anagulitsa mbatata, nagula nsaru yoyera mbee, yolimba ngati pepala, yolira poigwira. Anasoka ndi manja miyezi iwiri, madzulo ali onse atatha nchito ya kumunda. Tsiku loyamba kuchapa, madzi a m'beseni anayera ngati otsukira mpunga. Nsaru ija inatsala yopyapyala ngati sefa, inafupika, nikoka zigamba zonse kufikira chofunda chinapindika ngati tsamba louma. Zigamba zofiira zinachucha utoto, ndipo poyera ponse panasanduka mathothomathotho.

Maiyo anati kwa ine, "Taonani amai, ndataya ndalama, ndataya ndi tulo tomwe. Mwana wapita ndi gombeza lobwereka."

Kasokedwe kake kanalibe cholakwa. Misoko inali yoongoka ndi yolimba. Nchito inaonongeka tsiku logula nsaru, singano isanalowe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

CHINYENGO CHIMENECHI NCHAKALE

Makolo athu anaidziwa nsaru. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire alikulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsaru zao. Nsaru yochokera kunja inafikanso kuno kalekale ndi amalonda Achiyao ndi Aluya. Kuyambira zaka za m'ma 1830 zombo za ku Salem, ku America, zinabwera ku Zanzibar ndi nsaru ya thonje yosayeretsa, yochindikala, imene anthu anaitcha merikani chifukwa cha dziko lake. Nsaru imeneyi inayenda ngati ndalama: anthu anagulira chakudya ndi minyanga, ndipo kampani ya Mandala, imene inayamba m'chaka cha 1878, ndi amishoni oyamba analipira anchito ao ndi mikono ya nsaru.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ya 1861 kufikira 1865, inadula merikani weniweni. Pamenepo m'misika munachuruka nsaru za ku England ndi ku Bombay, ndipo zina zinapakidwa phala la sitachi ndi dothi loyera kuti zilemere ndi kuoneka zochindikala. Ogula a masiku amenewo sanapusitsike msanga. Anaigwira nsaru, naifikisa, nainunkhiza asanapereke mbuzi kapena mnyanga wao. Ife adzukulu ao tisagule mwaulesi kuposa iwo.

Kuno kwathu fakitale ya David Whitehead & Sons inayamba kuomba nsaru ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndi thonje la alimi a dziko lino, monga limene lilimidwa m'chigwa cha Bwanje ndi ku Balaka. M'chaka cha 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Masiku ano nsaru zambiri za m'sitoro ndi pamsika zichokera kunja, zabwino ndi zoipa pamodzi. Tsono udindo wa kusankha uli m'manja mwanu.

ZOYERA SIZIRI ZOFANANA

Munthu akati "ndifuna nsaru yoyera," sananene kanthu, pakuti zoyera ziripo za mitundu yambiri.

Pali nsaru ya thonje yosayeretsa, mdzukulu wa merikani uja, imene m'sitoro aitcha kaliko. Mtundu wake ufanana ndi ufa wa mgaiwa, ndipo mukayang'anitsitsa muona timadontho takuda, ndito tizidutswa ta makoko a njere za thonje. Poyamba iri yokhakhala, koma ifewa ndi kuyera pang'onopang'ono pochapa.

Pali bafuta, ndiyo nsaru ya thonje yoyeretsedwa ku fakitale. Yabwino ikhalitsa, koma pakati pa bafuta mpamene pabisala nsaru zambiri za sitachi.

Pali popolini, yosalala ndi yoombedwa mothina. Ikomera malaya ndi mabulauzi, koma singano ya pamanja ilowa mobvuta, makamaka pamene mupyoza nsaru zitatu pamodzi. Zala zitupa nchito isanathe.

Potsiriza pali nsaru za poliyesitala, zimene akuluakulu anazidziwa ndi dzina la terelini. Ulusi wake si wa kumunda iai, upangidwa kuchokera ku mafuta a pansi monga pulasitiki, ndipo unapezedwa ku England m'chaka cha 1941. Nsaru zambiri za lero ziri zosakaniza thonje ndi poliyesitala. Tisazinenere bodza: zikhalitsa, ziuma msanga, ndipo sizifupika. Koma sizimwa thukuta, zichita timibulu pakapita nthawi, ndipo choopsa chake ndi moto. Nyengo yozizira ana aothera moto atafunda. Thonje nalo lipsa, koma poliyesitala isungunuka ndi kumatirira pakhungu, ndipo bala lake likhala lakuya. Chofunda cha mwana kapena cha nkhalamba chikhale cha thonje.

MAYESO ASANU

Musachite manyazi kuyesa nsaru pamaso pa wogulitsa. Ndalama nzanu. Wogulitsa wa katundu wabwino sakana.

Choyamba, fikisani. Gwirani ngodya ya nsaru ndi manja awiri, muifikise monga muchita pochapa. Ngati pagwa fumbi loyera, kapena malo mwafikisawo asanduka ofewa ndi opyapyala kusiyana ndi kwina, dziwani kuti kulimba kwakeko nkwa sitachi. Sitachiyo idzatsala m'beseni.

Chachiwiri, penyetsani kudzuwa. Tulukani nayo pakhomo pa sitoro, muikweze. Ulusi ukhale wofanana ndi woyandikana, wopanda mipata yaikuru. Kenaka yalani nsaruyo pamwamba pa chitenje chimene mwabvala. Ngati maluwa a chitenjecho aoneka bwino lomwe, nsaruyo njopyapyala. Pa chofunda idzaonetsa gombeza lakuda la m'kati, ndi misoko yonse ya zigamba.

Chachitatu, finyani. Fumbatani nsaru m'dzanja, muwerenge kufikira khumi, mutambasule. Thonje litsala ndi makwinya. Nsaru imene ibwerera msanga osakwinyika iri ndi poliyesitala wambiri. Ambiri akana nsaru ya makwinya poganiza kuti njachabe, chonsecho makwinyawo ndiwo umboni wa thonje.

Chachinai, lasani singano. Tengani singano yanu popita kumsika. Pindani nsaru kanai, mulase. Ilowe mosabvuta, koma isasiye boo looneka.

Chachisanu, tenthani. Ichi muchitire kunyumba, pabwalo, ana ali patali ndi madzi ali pafupi. Pemphani kachidutswa kakang'ono, kapena gulani pang'ono poyamba. Katengeni ndi timitengo tiwiri, mukayatse. Thonje liyaka ngati pepala, linunkha ngati pepala lopsa, ndipo lisiya phulusa lofewa lotuwa. Poliyesitala ithawa moto, isungunuka, inunkha ngati pulasitiki, ndipo isiya kambulu kakuda kolimba. Nsaru yosakaniza isiya zonse ziwiri.

Chinanso, yerekezani kulemera kwa nsaru yoyera ndi kwa zigamba zanu. Zikhale zofanana. Nsaru yolemera ngati ya matenti ikasokedwa ku chigamba chofewa cha chitenje chakale, chigambacho ching'ambika pamsoko.

KUYERA KOTANI?

Ikani nsaru zoyera zitatu pamodzi padzuwa ndipo mudzadabwa. Ina iyera mopita ku buluu, ina iyera ngati mkaka, ina ngati ufa wa mgaiwa. M'sitoro mwa mdima, kapena pansi pa nyali ya magetsi, zonse zioneka zofanana. Zikasokedwa pa chofunda chimodzi, yoyera kwambiri ichititsa inzake kuoneka yakuda ngakhale iri yatsopano. Chifukwa chake gulani nsaru yonse tsiku limodzi, yodulidwa pa mpukutu umodzi. Musanene kuti ndidzaonjezera mwezi wamawa, pakuti mpukutu wina ubwera ndi kuyera kwina.

Tsono funso ndi ili: kodi yoyenera nyumba ya kumudzi ndi iti? Ine nditi yosayeretsa. Ganizani za nyumba zathu. Muli utsi wa nkhuni, pansi mpozira, ndipo dothi la kumapiri kuno ndi katondo wofiira. Nsaru yoyera mbee ifuna sopo wambiri ndi kuchapa kosalekeza, ndipo ikagwa pansi kamodzi dontho lake lioneka munthu ali kutali. Walira mvula walira matope. Yosayeretsa ibisa utsi pang'ono, kawirikawiri mtengo wake ngwotsika, ndipo igwirizana bwino ndi zitenje zakale zimene zayamba kusuluka. Chitenje chakale pambali pa nsaru yoyera mbee chioneka ngati sanza, koma pambali pa yosayeretsa chioneka chaulemu.

Yoyera mbee iri ndi malo ake. Ngati musokera mphatso ya ukwati, kapena chofunda chogulitsa, ndipo zigamba zanu ziri zatsopano za mitundu yowala, bafuta wabwino aonetsa mitunduyo bwino koposa.

Wina afunsa, nanga bwanji osangoika nsaru yakuda kunsi? Yankho ndi lakuti nsaru yoyera iribe utoto wochucha, ndiponso siibisa kanthu. Litsiro, nsikidzi ndi utitiri zioneka msanga, ndipo mudziwa tsiku lochapa ndi loyanika. Pakati pa zigamba, yoyera ilekanitsa maluwa a zitenje kuti asasokonezane.

MUGULE YOCHURUKA BWANJI?

Pano ambiri alakwa chifukwa afunsa mtengo wa mita osafunsa m'lifupi mwa nsaru. Nsaru zina ziri masentimita 90 m'lifupi, zina 115, zina 150. Mita ya nsaru yopapatiza ioneka yotsika mtengo, koma mufuna mamita ambiri. Amene muzolowera mayadi kumbukirani kuti yadi ndi masentimita 91, ndiko kuti ichepa pang'ono kwa mita. Onetsetsani chimene wogulitsa ayesera.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 195 m'litali chikwanira munthu wamkuru mmodzi kapena ana awiri. Dulani chikatoni cha mbali zinai zofanana, masentimita 17 mbali iri yonse, chikhale muyeso wanu. Mukasiya sentimita imodzi ya msoko mbali zonse, chigamba chitsala masentimita 15. Mufuna zigamba 10 m'lifupi ndi 13 m'litali, zonse pamodzi 130. Mukasinthanitsa, china cha maluwa china choyera, zoyera zikhala 65.

Ndi nsaru ya masentimita 115, kunsi kufuna zidutswa ziwiri zolumikiza, chiri chonse mamita 2 ndi kota. Ndiwo mamita 4 ndi theka. Kunsiku kukhale kokulirapo pang'ono, kuti mupindire m'mphepete pamwamba ngati mpendero. M'mbali mudzatsala nsaru yokwanira zigamba zoyera zoposa 30, ndipo mita imodzi yoonjezera ikupatsani zotsalazo. Zonse zikwana mamita 5 ndi theka. Gulani 6, kuti mukalakwa podula musasowe pogwira. Ngati ndalama zachepa, lekani zigamba zoyera za pamwamba, mugule ya kunsi yokha.

Amai a m'mudzi umodzi, kapena a gulu limodzi la banki m'khonde, angathe kusonkha ndi kugula mpukutu wathunthu ku Ntcheu boma kapena ku Limbe, nagawana. Mtengo wa mita utsika, ndipo nonse mukhala ndi kuyera kofanana, kotero wina akaperewera apempha kwa mnzake. Mutu umodzi susenza denga.

ZA PA KAUNJIKA

Pa kaunjika mupezeka nsaru zoyera za pabedi, zazikuru kotero kuti imodzi ikwanira kunsi konse popanda msoko. Nthawi zambiri iyi ndiyo njira yotsika mtengo, ndipo nsaru zotere zinafupika kale. Koma chenjerani. Nsaru ya pabedi itha pakati, pamene munthu agona, m'mbali muli mwabwinobwino. Itambasuleni yonse padzuwa. Ngati pakati paoneka powala kuposa m'mbali, yatha. Kokani pang'ono ndi manja awiri: ikalira ngati ifuna kung'ambika, isiyeni. Funani kansaru kolembedwa kamene kasokedwa m'mphepete. Mau akuti cotton atanthauza thonje, ndipo nambala yake ikhale 100. Mwana wa sukulu akuwerengereni. Mukafika kunyumba ichapeni ndi madzi otentha ndi sopo, muyanike padzuwa, muisite.

Musapeputse nsaru yakale. Amai a ku Bengal, ku India ndi ku Bangladesh, akhala akusanjikiza nsaru zao zoyera zakutha ndi kuzisoka ndi misoko ing'onoing'ono kwa zaka mazana, ndipo zofunda zao, zimene azitcha kantha, zidziwika pa dziko lonse. Ku Gee's Bend, m'dera la Alabama ku America, amai akuda, adzukulu a akapolo, anasoka zofunda ndi zobvala zakutha za kumunda chifukwa cha kuzizira ndi umphawi, ndipo m'chaka cha 2002 zofunda zao zinaonetsedwa m'nyumba zazikuru zachionetsero ku Houston ndi ku New York. Amai onsewa anayamba monga inu, ndi sanza, singano ndi mwana wofuna chofunda.

CHAPANI MUSANADULE

Lamulo ili liposa onse. Nsaru yatsopano ya thonje ifupika ikalowa m'madzi. Pa mamita 5 mungathe kutaya masentimita 15 kufikira 25, ndipo yosayeretsa nthawi zina itaya oposa pamenepo. Zitenje zanu zakale zinafupika kale, sizifupikanso. Mukazilumikiza ndi nsaru yosachapa, yatsopanoyo idzafupika yokha ndi kukoka zinzake. Ndicho chimene chinaononga chofunda cha mai wa ku Tsangano uja.

Tsono bviikani nsaru yoyera m'madzi otentha usiku wonse. M'mawa ichapeni ndi sopo, muitsukuluze kufikira madzi asiya kuyera. Muyanike, ndipo muisite ikali yonyowa pang'ono. Mukatero ndipo mudule. Simbi ya makala muipukute kunsi, ndi kuiyesa pa sanza poyamba, kuti phulusa lisadetse nsaru.

Zigamba nazo ziyesedwe, makamaka zofiira, zakuda ndi zabuluu. Nyowetsani chigamba, muchikulunge m'kachidutswa koyera, mufinye, musiye kwa ola limodzi. Koyerako kakasintha mtundu, chapani chigambacho pachokha kufikira madzi atuluka oyera. Ena akhulupirira kuti mchere uletsa utoto kuchucha, koma pa nsaru yogula kale mchere suthandiza kwenikweni. Chigamba chimene chichuchabe mutachapa katatu, chichotseni, ngakhale chikongole bwanji. Chimodzi chokha chikwanira kuononga chofunda chonse.

KUSAMALA CHOFUNDA

Chofunda chikatha, musachithire Jik kapena mankhwala ena oyeretsera. Adya ulusi wa thonje ndi kusulutsa zigamba. Dzuwa ndilo liyeretsa bwino ndi mwaulere: yanikani mbali yoyera kuyang'ana kudzuwa, ya zigamba kunsi. Yanikani pa chingwe, osati pa waya wadzimbiri, pakuti dzimbiri lichoka mobvuta pa nsaru yoyera. Musayanike pansi. Pali nchenche ina imene iikira mazira pa dothi ndi pa zobvala zonyowa, ndipo mphutsi zake zilowa m'khungu la mwana. Simbi yotentha ipha mazirawo. Chofunda chiume ndithu m'kati musanachipinde, kuopa nkhungu. Khanda lifundidwe kufikira pachifuwa, nkhope iri poyera, ndipo chofunda chisakuiwalitseni neti ya udzudzu.

Inu abambo, nkhani iyi ikukhudzani. Kawirikawiri ndinu mupita kumsika ndi matumba a mbatata ndi kabichi, ndipo amai akutumani nsaru. Musangotenga imene wogulitsa wakutambasulirani poyamba. Ngati simuli otsimikiza, gulani kota ya mita yokha, mubwere nayo kunyumba, amai ayese. Kubwerera kumsika kawiri nkwabwino kuposa kutaya nchito ya miyezi iwiri.

Mai wa ku Tsangano uja sanagwe mphwayi. Anasula zigamba zake zonse, nataya zofiira zochuchazo, nagula nsaru yosayeretsa. Pamene ndinachoka inali pa chingwe, yachapidwa kawiri, ndipo mwamuna wake anali kudula chikatoni cha muyeso. Akuti mwana akabwera ku tchuthi adzapeza chatha.

Sabata yamawa tidzakamba za pakati pa chofunda: kakonzedwe ka gombeza lakale, ndi kachotsedwe ka njere m'thonje kwa inu a ku Bwanje, ku Kasinje ndi ku Sharpevale. Pakali pano sonkhanitsani zigamba, muzichape, ndipo popita kumsika musaiwale singano. Tsalani bwino.